Chinacho N'cha Kumudzi

Chitini cha mabisiketi chimene azakhali adandipatsa m'chaka cha 2019 chidali chikununkhabe chinyontho. M'mwezi wa Malichi chaka chimenecho namondwe wa Idai adakhuthula mvula ya masiku angapo osalekeza ku Chimanimani ndi ku Chipinge, ndipo madzi adalowa m'nyumba mwawo mpaka kulekeza m'maondo. Chitinicho chidapulumuka chifukwa chidali pamwamba pa kabati, koma chinyontho chidamatiza zithunzi zina pamodzi, kotero kuti pozimatula nkhope za anthu zinkatsalira kumsana kwa chithunzi chinzake. Azakhaliwo adati, "Tenga ndiwe wasukulu, mwina udziwa chochita nazo. Ine maso adatha." Usiku womwewo ndidaziyala pa mphasa n'kuziwerenga. Zidalipo 43, ndipo zooneka bwino zidali 31.

Ndidabadwira ndi kukulira ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, kumene bambo ankagwira ntchito ya njanji. Sukulu za ku Zimbabwe zimatsekera katatu pa chaka, ndipo kwathu tchuthi chidagawidwa monga agawira nyama ya paukwati, kuti mbali ina isadandaule. Cha Ogasiti chidali cha makolo a mayi ku minda ya tiyi ya ku Chipinge, cha Disembala chidali cha makolo a bambo ku chigwa cha Honde, pomwe cha Epulo chinkayendera m'thumba mwa bambo. Tikatsekera, anzathu a Chishona ankati akupita kumusha, kutanthauza kumudzi. Ife tinkangoti tikupita kwa agogo. Padapita zaka zambiri ndisanazindikire kuti mawu awiriwa sankanena chinthu chimodzi.

Ulendo wa ku Honde ndimaukumbukira ndi mphuno. Basi inkanyamuka pa msika wa Sakubva mbandakucha, n'kutsata msewu wa ku Nyanga, kenaka n'kukhotera kuvuma ndi kuyamba kutsetsereka. Pamenepo mabuleki ankanunkha ngati nsanza zopserera, amayi achikulire ankayambitsa nyimbo za kutchalitchi, ndipo anafe tinkakanikiza nkhope pa galasi kufunafuna mathithi a Mtarazi, amene patali amaoneka ngati ulusi woyera wolendewera pa thanthwe. Pofika pa Hauna chisanu cha kumapiri chinkakhala chitatsalira kumbuyo, m'basi mutadzaza fungo la nthochi ndi thukuta. Kupitirira pamenepo, mbali ya ku mtsinje wa Pungwe ndi m'munsi mwa Nyangani, phiri lalitali kuposa onse m'dzikomo la mamita 2,592, tiyi ankayamba. Adali wobiriwira chokhachokha, wosalala pamwamba ngati wina wameta zitunda zonse ndi lumo. Agogo aakazi ankatichingamira pamsewu, ndipo akandiona ankafuula kuti komboni yonse imve: "Amuna anga afika! Mwandigulira nsalu, kapena mwakwatira wina kutauniko?" Ine ndinkabisala kumbuyo kwa mayi ndi manyazi, iwo akufa nako kuseka.

Chithunzi chimene ndimachiyang'ana kawirikawiri ndi cha pa Khirisimasi ya 1986. Agogo aamuna akhala pa mpando wa ndalema, avala jekete lakuda, tayi ndi chipewa, ndipo pafupi ndi phazi lawo pali wailesi imene mlongoti wake wasololedwa mpaka kumapeto. Ine ndili pa miyendo pawo, wazaka zisanu ndi ziwiri, m'kabudula wa khaki, ndatseka diso limodzi chifukwa cha dzuwa. Agogo aakazi aimirira kumbuyo m'zovala zoyera za amayi a mpingo, manja awo onse awiri ali kumsana. Kuseri kwathu kwapachikidwa nsalu ya maluwa imene yabisa khoma la nyumba. Wojambulayo adali munthu wa njinga amene ankazungulira m'makomboni malipiro akangotuluka, nsalu ija ataimanga pa keriyala, ndipo ankabwera ndi zithunzizo patatha milungu iwiri. Agogo sankalipirira chithunzi chimodzi. Nthawi zonse ankaitanitsa ziwiri zofanana. Tsiku lina nditafunsa chifukwa chake adangoti, "Chimodzi n'chathu, chinacho n'cha kumudzi."

Kumudziko kudali ku Mulanje. Agogo adachokako m'chaka cha 1949, chaka cha njala yaikulu imene idagwa kumwera kwa Nyasaland, yomwe Megan Vaughan adailemba m'buku lake la mu 1987. Adali mnyamata amene adakulira m'mphepete mwa minda ya tiyi, pakuti ku Mulanje mbewuyi idayamba kulimidwa ngati malonda kuyambira 1891. Nthawi imeneyo bungwe lolemba anthu ntchito za m'mapulazi a ku Southern Rhodesia, limene anthu ankalitcha Mthandizi, lidali litakhazikitsidwa kale mu 1946, koma iwo adakana kulembetsa. Ankati wa Mthandizi sasankha bwana. Adapita selufu, kutanthauza paokha, atagulitsa njinga ya malume awo. Adakwera sitima pa Luchenza pamodzi ndi mnzawo wa ku Thyolo, n'kuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana umene udatsegulidwa mu 1935, n'kukatsikira ku Umtali, dzina lakale la Mutare. Ntchito adakaipeza ku Chipinga, monga ankalembera nthawiyo, kumene tiyi adayamba kubzalidwa mu 1924 pa munda wa New Year's Gift. M'zaka za m'ma 1950, minda ya Aberfoyle ndi Eastern Highlands itayamba kutsegulidwa m'chigwa cha Honde, kudafunika anthu odziwa kale kubzala ndi kudulira tiyi, ndipo agogo adasamukira ku esiteti ina ya kumeneko. Mnzawo wa ku Thyolo uja adatsala ku Chipinge, adakwatira mkazi wa Chindau, ndipo mwana wawo wachitatu ndiye mayi anga.

Kuti munthu amvetse za zithunzi ziwiriziwiri zija ayenera kudziwa mawu amodzi amene amuna a m'badwo umenewo ankawaopa kuposa njala: kutchona. Komiti ya boma la atsamunda yotsogozedwa ndi Travers Lacey idayerekeza mu 1935 kuti amuna a ku Nyasaland pafupifupi 120,000 adali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo adali atasiya kutumiza kalata kapena ndalama. Amenewo ndiwo matchona. Mtchona ndi munthu amene abale ake sadziwa ngati amulire kapena amudikire. Agogo adakhala ku Zimbabwe zaka 47, ndipo kumudzi adapitako kawiri kokha, koma mukadawatchula dzina limenelo bwenzi atakutulutsani m'nyumba. Umboni wawo udali envulopu ya chaka ndi chaka, yokhala ndi kandalama pang'ono ndi chithunzi. Tsono zithunzi zimene ine ndinkayesa kuti n'zokumbukira tchuthi chathu zidali makalata. Ife adzukulu tinkaikidwa pa miyendo monga wailesi ija inkaikidwira pafupi ndi phazi, kuti a kumudzi aone kuti mwana wawo ali moyo ndipo zinthu zikumuyendera.

Izi ndizo zimachititsa kuti pa zithunzi zonse 31 pasapezeke ngakhale chimodzi choonetsa munthu ali pa ntchito. Tiyi amaoneka patali, ngati chokongoletsera. Koma ine ntchitoyo ndidaiona, chifukwa Disembala ndi nthawi imene tiyi amaphukira kwambiri ndipo palibe amene ankapuma. Belu linkalira kusanache. Agogo aakazi ankabereka dengu lalikulu kumsana, n'kumanga chipepala cha pulasitiki m'chiuno poteteza mame, n'kulowa m'mizere. Lamulo la othyola ndi masamba awiri ndi nsonga yake; ukaphatikiza masamba okhwima kapitawo ankakubweza pa sikelo kuti ukasankhe. Malipiro ankayendera kulemera kwa zimene wathyola, ndipo m'mapulazi a kumeneko ntchito yoyezeredwa ya tsiku ankaitcha mugwazo. Madzulo kalaliki ankakoleka madengu pa sikelo n'kumatchula manambala, amayi ali ndiii kumvetsera, pakuti ambiri sankatha kuwerenga zimene zalembedwa m'buku. Zala za agogo zidali zakuda ndi zong'aluka chifukwa cha utomoni wa masamba, ndipo sopo adalephera kuziyeretsa. Ndaona tsopano kuti pa chithunzi chilichonse manja awo ali kumsana, kapena akulungidwa m'nsalu, kapena abisika kuseri kwa mwana.

Jekete lija nalonso lili ndi nkhani yake. Limaoneka pa zithunzi zisanu ndi chimodzi, kuyambira 1968 mpaka 1990, ndipo pa china mwa izo lavalidwa ndi bambo wina amene sindikumudziwa. Bambo anga ndiwo adandiululira, akuseka, kuti jeketelo lidali la amuna atatu a ku Mulanje amene adasonkherana, ndipo linkasungidwa kwa mlembi wa bungwe lawo la maliro. Linkatuluka paukwati, pa mlandu, ndiponso wojambula akabwera. Sindikuona chifukwa chowaweruzira. Munthu amene wagulitsa njinga ya malume ake sangatumize kwawo chithunzi atavala chiguduli.

Ndikaziyala motsata zaka, zithunzizi zimadukiza. Chomaliza cha nthawi ya Rhodesia n'cha 1975, ndipo chotsatira n'cha 1981. Pakati pamenepo chigwa cha Honde, chimene chili m'malire ndi Mozambique, chidasanduka njira ya nkhondo ya ufulu. Anthu a m'midzi adasonkhanitsidwa m'misasa yozingidwa ndi waya, ndipo m'malire mudakwiriridwa mabomba. Usiku wina mu Disembala 1976 amuna 27 ogwira ntchito pa esiteti ina ya tiyi m'chigwamo adatulutsidwa m'nyumba zawo n'kuwomberedwa, akazi ndi ana awo akuona. Boma la Ian Smith lidati adachita zimenezo ndi asilikali a ZANLA, koma atsogoleri a nkhondo ya ufulu adakana. Mabuku a mbiri amakangana za amene adaomba mfuti. Chimene sachikhalira pansi kwenikweni ndi chifukwa chimene anthu ena sadathawe. Omenyera ufulu ankauza antchito kuti asiye kugwirira azungu. Mmanyika kapena Mndau akamva zimenezo ankatha kunyamula katundu n'kubwerera kumudzi kwawo. Nanga Mnyasa akadapita kuti? Nyumba idali ya kampani, phoso lidali la kampani, ndipo kwawo kudali kutsidya kwa dziko lina. Agogo aamuna sadandiuzepo kanthu za zaka zimenezo. Agogo aakazi adangonena kamodzi, tikusenda nthochi zophika, kuti padali miyezi imene ankagona m'mizere ya tiyi mwana ali kumsana, ndi kuti tiyi amabisa munthu bwino koma amasunga njoka. Atatero adasintha nkhani.

Tchuthi cha ku Chipinge chidali cha mtundu wina. Basi inkadzera ku Nyanyadzi, m'dziko lotentha la milambe, n'kukhota pa Tanganda kuyamba kukwera mpaka kumene kuli nkhungu ndi dothi lofiira. Mwezi wa Ogasiti tiyi amakhala atadulidwa, choncho akulu ankapezako mpata wocheza nafe. Pakhomo pamenepo zinenero zinkaphikidwa mumphika umodzi. Agogo aamuna ankafunsa m'Chinyanja, agogo aakazi n'kuyankha m'Chindau, ndipo akafuna kunyoza kapitawo onse awiri ankalankhula Chilapalapa, chinenero cha malamulo cha m'mapulazi ndi m'migodi. Loweruka madzulo ng'oma zinkalira kuseri kwa komboni ndipo gule ankatuluka. Ana a Chishona ankati zvigure n'kuthawa, ifenso tinkathawa nawo, ngakhale kuti tinkanyadira mobisa poti zilombozo zinkaimbiridwa m'chinenero cha agogo athu. Pali chithunzi cha 1984 chimene tonse adzukulu asanu ndi atatu taimirira pa mzere motsata msinkhu, aliyense atagwira mzimbe. Wamtali pa onse ndi msuweni wanga amene ankaphunzira pa sukulu ya paesiteti, imene ana ankathyola tiyi mbali ina ya tsiku kuti alipirire maphunziro ndi chakudya chawo. Michael Bourdillon adafufuza za sukulu zoterezi m'buku limene adalikonza mu 2000 lonena za ana ogwira ntchito m'Zimbabwe, ndipo akatswiri akhala akutsutsana ngati zidali chithandizo kapena kudyera ana masuku pamutu. Msuweni wangayo, amene adadzakhala mphunzitsi, amati zidali zonse ziwiri, ndipo sakonda kuti munthu amene sadaberekepo dengu amusankhire yankho. Ine ndimakumbukira kuti ndinkamusirira chifukwa adali ndi ndalama yakeyake yogulira mabanzi.

Kuyambira 1987 zigawenga za Renamo zidayamba kuoloka malire n'kumaukira midzi, masitolo ndi minda ya tiyi ya m'chigawo chimenechi. Bambo adaletsa maulendo a ku Chipinge kwa zaka ziwiri. Ine ndidalira, poganiza kuti atilanga.

Agogo a ku Honde adapuma pa ntchito mu 1991. Pamenepo ndi pamene ndidaphunzira kusiyana kwa kumusha ndi kwa agogo. Nyumba ya zipinda ziwiri ija, imene bambo anga adakuliramo, yokhala ndi mapeyala amene agogo adabzala okha, idayenera kuperekedwa kwa wantchito wina pakutha pa miyezi itatu. Katundu wa zaka makumi anayi adakwana pa kalole kamodzi. Adabwera kudzakhala nafe ku Sakubva, m'kachipinda kamene kadali kosungiramo makala. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, koma mame awa adakhala mpaka dzuwa kulowa, ndipo eni dziko sadaleke kuwakumbutsa za ulendo wawo. Pamsewu tinkatchedwa mabhurandaya, kuchokera ku dzina la Blantyre, kapena mabwidi. Madzulo alionse agogo ankatembenuza wailesi ija kufunafuna Malawi, ndipo mawu akamveka pakati pa phokoso ankaitana, "Nambewe, tabwerani mudzamve, kwathu kwagwa mvula." Agogo aakazi ankayankha ali kukhitchini, "Ndamva, aPhiri. Chaka chamawa tikalime." Adamwalira mu 1996, mkazi wawo mu 1999, ndipo onse awiri adaikidwa ku Mutare.

Sadaone zimene zidagwera ana awo. Mu 2000 Pulezidenti Robert Mugabe adanyoza anthu a ku Mbare, kumene kuli zidzukulu zambiri za anthu ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, kuti ndi anthu opanda mitupo, kunena ziwongo zimene Mshona amadziwika nazo. Mu 2001 lamulo la unzika lidasinthidwa: aliyense amene akadatha kukhala nzika ya dziko lina chifukwa cha makolo ake adapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika umenewo motsata malamulo a dzikolo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Bambo anga, obadwira pa esiteti mu 1955, amene adali asanapondepo ku Malawi, adauzidwa kuti akakane dziko limene silidawalembepo m'kaundula wake. Pa ofesi ina adawafunsa zikalata za kubadwa za makolo awo. Zikalata zoterozo kudalibe. Ana a m'makomboni ankabadwira m'nyumba, ndipo tsiku lawo linkalembedwa m'Baibulo ngati m'banjamo mudali wodziwa kulemba. Bambo adatenga chithunzi cha 1958, chimene iwo ali kamwana pa miyendo ya mayi awo, kuseri kukuoneka phiri la m'dziko lomwelo, n'kukachiika pa tebulo. Kalaliki adachiyang'ana, adati n'chokongola, n'kuwabwezera. Pa chisankho cha 2002 sadavote. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 adabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo lidachokera m'dziko la SADC, koma ofuna chitupa chatsopano ankafunsidwabe mapepala omwe aja, ndipo lipoti la Amnesty International la mu 2021 lidasonyeza kuti zidzukulu zambiri za antchito a m'mapulazi ndi m'migodi zidali zikadali zopanda dziko. Bambo adalandira chitupa chawo ali ndi zaka 60. Chithunzi cha 1958 chija chidali m'gulu la zimene chinyontho chidadya.

Ku Mulanje ndidapitako koyamba mu 2022. Ndidatenga dzina la mudzi ndi la mfumu monga zidalembedwera kuseri kwa envulopu ina yakale ya m'chitini muja. Minibasi itadutsa pa boma n'kulowa m'minda ya tiyi ya mbali ya ku Muloza, ndidachita kakasi. Phiri lakuda lovala mitambo, mizere yobiriwira yometedwa bwino, amayi a madengu kumsana, fungo la masamba ofota lochokera ku fakitale: zonse ndidali nditazionapo. Agogo adayenda ulendo wa mayiko atatu n'kukakhala pamalo ofanana ndi pamene adachoka.

Amene adandilandira adali mayi wokalamba, mwana wa mlongo wawo wa agogo. Ndidayamba kufotokoza mzere wa ubale monga ndidaukonzera m'njira, koma adandidula. Adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi sutikesi yachitsulo, ndipo pansi pa nsalu za maliro padali mtolo womangidwa ndi mphira. Adafufuza pang'ono, n'kusolola chithunzi cha Khirisimasi ya 1986, n'kuloza ndi chala. "Si iwe uyu wotsinzina diso? Takhala tikukudziwa kalekale, mwana wa achimwene." Zidalipo zoposa makumi atatu, zouma bwino, ndipo zisanu ndi ziwiri mwa zimene madzi adaononga ku Chipinge ndidazipeza mmenemo zili zathunthu, cha 1958 chomwe. Zathu kuseri kwake kudali kopanda kanthu, koma izi zidali ndi malemba a pensulo a dzanja la agogo. Ankatchula chaka, maina a ana, ndalama zimene aikamo, ndipo pafupifupi chilichonse chinkathera ndi mawu akuti tibwera chaka chamawa.

Mayiwo adandiuza kuti envulopu ikafika mudzi wonse unkasonkhana, ndipo chithunzi chinkayenda dzanja ndi dzanja mpaka kwa amfumu. "Malume adali munthu wa ndalama," adatero, akusisita jekete lija ndi chala. "Taona suti yakeyo. Ndi wailesi yomwe." Ndidatsegula pakamwa, kenaka ndidavomera kuti inde, lidali jekete labwino.

Adandionetsa malo amene amayi awo adasungira mlongo wawo kwa zaka zambiri kuti adzamangepo akadzabwera. Tsopano pali chinangwa cha mdzukulu wina. Tisanasiyane ndidapempha mnyamata wa pakhomopo kuti atijambule ndi foni yanga. Mayiwo adakavala chitenje chatsopano, adakhala pa mpando, manja n'kuwaika pa maondo poyera. Nditawaonetsa pa galasi la foniyo adagwedeza mutu kukondwa, kenaka adatambasula dzanja kudikira.

"Nanga chathu chili kuti?"

M'mawa mwake ndidakwera kabaza mpaka pamsewu, n'kupita pa boma kukafunafuna pamene amatsukitsa zithunzi. Mnyamata wa pa kauntala adandifunsa kuti atulutse zingati, ndipo ndidati ziwiri.